Gogo pa Vidiyo, Mdzukulu ndi Buku: Kodi Zingatheke Kuno ku Manyamula?

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3

Anzanga, ndikudziwa kuti ambiri mwaima pano kufuna kuona zigoli za mpira wa Loweruka kapena ndakatulo za a Fomu 2, koma ndipatseniko mphindi zochepa. Pali chinthu chomwe chakhala chikuchitika m'mayiko ena kwa zaka zoposa 15 tsopano: ana asukulu kumawerenga limodzi ndi anthu okalamba omwe ali kutali, akuonana nkhope pa vidiyo. Mwana ali m'kalasi, gogo ali pa mpando wake kutali kwambiri, koma tsamba lomwe akuliyang'ana ndi limodzi. Ndikufuna ndifotokoze m'mene zimayendera, chifukwa chomwe anthu amachitira zimenezi, komanso ngati ife a kuno tingatolepo kanthu. Ndineneretu kuti ine ndikuona kuti tingatolepo, koma osati kukopera zonse ngati homuweki ya mnzako.

Tiyambe ndi nyumba za okalamba, poti kwa ife ndi chinthu chachilendo. Ku Ulaya, ku America ngakhale ku South Africa, munthu akakalamba moti sangathenso kudziphikira kapena kudzisambitsa, si zodabwitsa kumva kuti wapita kukakhala ku nyumba yosamalirako okalamba. Kumeneko kuli anamwino, chakudya pa nthawi yake, mankhwala, bedi labwino ndi TV. Chomwe chimasowa ndi munthu wocheza naye. Ana ali pa ntchito m'mizinda ina, adzukulu amabwera mwa apo ndi apo, ndipo tsiku limatalika. Pa nthawi ya Covid-19 mu 2020, chaka chomwe ifenso sukulu zathu zidatsekedwa mu Malichi, nyumba zambiri zotere zidaletsa alendo kwa miyezi, chifukwa matendawo ankapha kwambiri achikulire. Agogo ambiri ankangoonana ndi abale awo kudzera pa windo kapena pa foni. Kusungulumwa si nkhani yamasewera ayi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidakhazikitsa komiti yapadera yoona za vutoli mu 2023, ndipo mu 2025 lidalengeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa dziko lapansi amakhala wosungulumwa.

Chitsanzo chomwe chidatchuka kwambiri chidachokera ku Brazil mu 2014. Sukulu ina yophunzitsa zilankhulo yotchedwa CNA idali ndi achinyamata ofuna kuzolowera kulankhula Chingerezi, koma ku Brazil anthu amalankhula Chipwitikizi, ndiye woyeserera naye adalibe. Kufupi ndi mzinda wa Chicago ku America kudali malo okhalako anthu opuma pa ntchito otchedwa Windsor Park, odzaza ndi agogo odziwa Chingerezi chobadwa nacho, koma osowa wolankhula naye. Adangowalumikiza pa kompyuta basi. Ntchitoyo adaitcha Speaking Exchange. Mnyamata ankapeza womukonza katchulidwe ka mawu mosamukalipira, gogo ankapeza womufunsa za moyo wake wakale. Machezawo ankajambulidwa kuti aphunzitsi adzaone m'mene ana akupitira patsogolo. Palibe amene ankachitira mnzake chifundo pamenepa. Aliyense adali ndi chomwe mnzake ankasowa.

Koma nkhani yomwe imandisangalatsa ine ndi ya ku India. Mu 1999 mphunzitsi wina, Sugata Mitra, adaboola khoma la ofesi yomwe ankagwirako ntchito ku Kalkaji mu mzinda wa New Delhi, n'kuikamo kompyuta yoyang'ana kunja, komwe kunkasewera ana a mabanja osauka. Sadawaphunzitse chilichonse. Anawo adaphunzitsana okhaokha kuigwiritsa ntchito. Pambuyo pake adayesa zomwezo m'mudzi wa Kalikuppam kumwera kwa India, komwe adasiyira ana nkhani zovuta za sayansi zolembedwa m'Chingerezi. Malinga ndi m'mene iye amafotokozera, anawo adafika pokhoza pafupifupi 30 pa 100. Kenaka adapempha mtsikana wina wa m'deralo, yemwe sayansiyo sankaidziwa n'komwe, kuti azingoima kumbuyo kwa anawo n'kumachita zomwe gogo amachita: kudabwa, kuyamikira ndi kufunsa kuti wachita bwanji pamenepa, tandionetsanso. Zotsatira zidakwera kufika pa 50. Apa ndi pomwe padabadwira ganizo la Granny Cloud mu 2009. Mitra, yemwe pa nthawiyo adali pa yunivesite ya Newcastle ku England, adapempha anthu achikulire a kumeneko, ambiri mwa iwo aphunzitsi opuma, kuti azipereka ola limodzi pa sabata kucheza ndi ana a ku India pa Skype, kuwawerengera nthano, kuimba nawo ndi kuwafunsa mafunso. Mu 2013 adalandira mphoto ya TED ya ndalama zokwana madola 1 miliyoni kuti apititse patsogolo maganizo akewo. Skype yeniyeniyo idatsekedwa mu Meyi 2025, koma njirayo sidafe nayo, poti lero vidiyo ili m'thumba la munthu aliyense wa foni ya WhatsApp.

Onani bwino pamenepa: chomwe chidathandiza ana aja si nzeru za mtsikanayo, koma khutu lake. Aliyense wa ife akukumbuka m'mene zimakhalira ukaimitsidwa kuti uwerenge pamaso pa kalasi yodzaza. Ukangophonya liwu limodzi kalasi yonse gwedegwede kuseka, mtima uli thithithi, ndipo mawa lake umabisala kumbuyo kwa mnzako wamtali. Chonsecho kuwerenga kuli ngati kupalasa njinga, sungakudziwe poonerera ena. Pamafunika kuwerenga mokweza kambirimbiri, pali wina womvetsera yemwe sathamanga, woti ukakakamira pa liwu akudikire. Mphunzitsi wa Sitandade 2 yemwe ali ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo sangathe kumvetsera aliyense ngakhale atafunitsitsa. Mu 2022 Banki Yaikulu pa Dziko Lonse pamodzi ndi mabungwe ena idayerekeza kuti m'mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, ana pafupifupi 9 mwa 10 alionse a zaka 10 satha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Boma lathu lakhala likulimbana nalo vutoli: mu 2016 lidayambitsa ndondomeko yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira m'dziko lonse, ndipo kuyambira mu 2023 likugawa matabuleti m'sukulu za pulayimale pansi pa ntchito ya BEFIT. Matabuletiwo ndi abwino ndithu, azing'ono athu amawakonda. Koma tabuleti sikufunsa kuti nanga iweyo ukadakhala Kalulu ukadatani. Gogo amafunsa.

Tsopano tibwere kwathu. Wina anena kuti, aise, kuno kulibe nyumba za okalamba, agogo athu timakhala nawo, nanga vidiyo ya chiyani? Theka la mawu amenewa ndi loona. M'Malawi muno nyumba zotere n'zowerengeka, monga ya Mai Mbambande ku Lilongwe, ndipo ambiri mwa okhalamo ndi omwe adatayidwa kapena kuthamangitsidwa ndi abale awo. Kuno ku Mzimba kupititsa kholo lako kumalo otere kungakhale chitonzo cha banja lonse. Koma theka linalo tisadzinamize. Tayendani m'midzi yozungulira Manyamula, Embangweni ndi Edingeni muwerenge nyumba za malata zomwe muli gogo yekha kapena gogo ndi tiana ting'onoting'ono. Eni nyumbazo ali ku Joni. Matransipota amabweretsa mafiriji, masofa, masola ndi mabulangete, ndalama zimabwera pa foni, koma palibe transipota amene adabweretsapo macheza. Munthu atha kukhala m'nyumba ya matailosi n'kutha tsiku lonse osamva wina akumutchula dzina.

Ndipo gogo wosayenderedwa ndi amene amayamba kulozedwa zala. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu 4 okalamba adaphedwa mwankhanza atanamiziridwa kuti ndiwo adatumiza chiphaliwali chomwe chidapha mtsikana wina. Nkhani zofanana ndi imeneyi timazimvabe pa wailesi, ndipo bungwe la MANEPO, lomwe limayankhulira anthu okalamba, lakhala likudandaula nazo chaka ndi chaka. Lamulo la 1911 limanena kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loteteza anthu okalamba. Malamulo alipo. Komabe ine ndimaona kuti n'kovuta kuti mwana agende gogo yemwe Lachitatu lililonse amawerenga naye buku, ndipo n'kovutanso kuti anthu a m'mudzi apangire chiwembu nyumba yomwe ana a yunifolomu amalowamo ndi kutulukamo sabata iliyonse. Akale adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo lomwe palibe amapitako moto wake ungazimire bwanji?

Chodabwitsa n'chakuti kuwerengerana pakati pa ana ndi agogo si chinthu chatsopano kuno. Funsani makolo anu. Kuyambira kale amuna a ku Mzimba ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku migodi ya ku Joni, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela. Boma lidaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Kenaka ulendowo udayambiranso pansi pa TEBA mpaka 1988. Pa zaka zonsezo cholumikiza banja chidali kalata. Ikafika kuchokera ku positi ofesi, kapena m'thumba la wina wobwera kutchuthi, ankaitana mwana wasukulu kuti awerengere mayi kapena gogo. Mwanayo ankakhala pa mphasa, akuluakulu ali chete kumumvetsera, ndipo akamaliza ankapatsidwa pepala kuti alembe yankho. Tangoganizani m'mene mwana wa Sitandade 5 ankadzimvera, mudzi wonse ukudalira maso ake! Imeneyo idali sukulu ya kuwerenga yoposa ina iliyonse, chifukwa ukaphonya chiwerengero cha ndalama zomwe zatumizidwa, nkhani yake inkakhala yaikulu. Mafoni atabwera, makamaka mavoisi a pa WhatsApp, ntchito imeneyi idatha. Gogo safunikanso womuwerengera. Zidaphweka, inde, koma mwana adataya womumvetsera, gogo adataya chifukwa choitanira mwana. Ndiye foni yomweyo yomwe idatilanda mwambowu, bwanji osaituma kuti iubweze?

Pali chinanso chomwe chimasiyanitsa kwathu ndi ku Chicago kapena ku Newcastle. Kumeneko gogo ndiye mwini chilankhulo cha m'buku, mwana ndiye wophunzira. Kuno zimatengera buku lake. Likakhala la Chingerezi kapena la Chichewa, nthawi zambiri ife ndi amene tili patsogolo. Koma likakhala la Chitumbuka, eee, zinthu zimatembenuka. Dera lino lidalandira sukulu za mishoni kalekale. Donald Fraser adakhazikitsa siteshoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ndipo m'makalasi oyambirira ana ankaphunzira m'Chitumbuka. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi; pa MBC chidabwereranso mu 1994. Zotsatira zake ndi izi: agogo omwe adapita ku Sub A ndi Sub B chisanafike chaka cha 1968 amawerenga Mazgu gha Chiuta ndi Sumu za Ukhristu mosadodoma, pomwe ife, omwe timalankhula Chitumbuka kuyambira m'mawa mpaka usiku, tikapatsidwa ndime ku tchalitchi timapunthwa pa zg, pa gh ndi pa ŵ ngati ana a Sitandade 1. Tayesani Lamulungu likubwerali muone. Nanga Chingoni? Chidatsalira m'nyimbo za ingoma ndi m'mayamiko a mafumu omwe timamva ku Umthetho pa phiri la Hora mu Ogasiti, ndipo odziwa tanthauzo la mawu amenewo akutha mmodzimmodzi. Choncho kuno kuwerengerana kungayende mbali ziwiri: iwe uwerengere gogo mutu umodzi wa Nthondo, iwo akuwerengere kapena akuuze chidokoni, iwe ulembe m'kope, sabata yotsatira uwawerengere zomwe udalemba kuti akukonze.

Ngakhale agogo omwe adaphunzira, ambiri maso adayamba kuvuta. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi, n'chifukwa chake mumaona akuluakulu akutalikitsa pepala ngati likununkha. Ena ali ndi ng'ala. Buku ali nalo, kuwerenga amatha, koma zilembo zidasanduka nyerere. Otere safuna kuphunzitsidwa, amangofuna kubwerekedwa maso.

Funso lija libwerenso: vidiyo ya chiyani? Yankho langa ndi lakuti ngati gogo ali tsidya la dimba, siya foni, nyamula buku upite wapansi. Kuimbira pa vidiyo munthu yemwe utsi wa kukhitchini kwake ukuuona ndi ulesi chabe. Vidiyo ili ndi malo ake pomwe miyendo singafike. Choyamba ndikuganizira adzukulu obadwira ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Ndili ndi msuweni wa zaka 7 kumeneko yemwe amalankhula Chingerezi ndi Chizulu, Chitumbuka amangodziwa monire ndi yewo. Akaimbirana ndi agogo, macheza amatha pasanathe mphindi ziwiri: muli uli, tili makora, kenaka onse awiri amangoyang'anana mpaka mayi ake atenge foni n'kuyamba nkhani ya feteleza. Sikuti sakondana, koma alibe chogwirira limodzi. Buku limathetsa vuto limeneli. Mwana akamawerenga kabuku kake ka kusukulu n'kumaonetsa zithunzi, gogo amatchula dzina la chinthu chilichonse m'Chitumbuka, ng'ombe, nkhokwe, jembe, ndipo mphindi 20 zimatha osadziwa. Mwayi wina ndi wakuti nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzimodzi, palibe zowerengetsera maola. Palinso ife omwe timachita lendi pafupi ndi sukulu chifukwa kwathu n'kutali, komanso aphunzitsi opuma ndi anthu ena a kuno omwe akukalambira ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kunja, omwe angakonde kumva mwana wa kwawo akuwerenga. M'zonsezi pamafunika munthu wapakati wogwira foni, wodziwa pobaya. Munthu ameneyo ndi ife.

Ndiye tiyenera kudziwa m'mene chinthuchi chimagwirira ntchito, kuti chikavuta tisamangoti netiweki, netiweki. Vidiyo si chithunzi choyenda ayi. Ndi zithunzi zambirimbiri zoima, zomwe kamera imajambula motsatizana, nthawi zambiri pakati pa 15 ndi 30 pa sekondi imodzi, ndipo diso lathu limaziphatikiza n'kuona ngati munthu akuyenda. Kutumiza chithunzi chilichonse chathunthu kungadye bandulo yonse m'kanthawi kochepa, choncho foni imachita zaukathyali pang'ono: imatumiza chithunzi chimodzi chathunthu, kenaka imangotumiza zomwe zasintha. Ngati gogo akhala phee kutsogolo kwa khoma, chosintha ndi milomo ndi maso basi, ndiye katundu wotumiza amachepa. Koma ukamayendayenda ndi foni, kapena kumbuyo kukakhala masamba a mtengo akugwedezeka ndi mphepo, chilichonse chimasintha nthawi imodzi, katundu amachuluka, chithunzi chimayamba kuoneka timabokosi. Zithunzi ndi mawuwo zimadulidwa m'timapaketi ting'onoting'ono tomwe timapita pa nsanja ya TNM kapena ya Airtel, n'kudutsa m'zingwe za intaneti mpaka kukafika pa foni inayo, komwe timakalumikizidwanso. Timapaketi tina tikachedwa kapena kutayika panjira, ndi pomwe nkhope imauma pakamwa pali yasa, kapena mawu amamveka ngati a loboti.

Ulendo umenewu umatenga kanthawi, ngakhale kochepa. N'chifukwa chake kuwerengera pamodzi mokweza, kapena kuimba sumu limodzi pa vidiyo, kumasokonekera: wina amakhala patsogolo, wina pambuyo. Njira yabwino ndi yosinthana, iwe ndime, iwo ndime, ndipo ukafunsa funso upume kaye kamodzi usanabwereze. Yang'ananinso kachilembo komwe kamakhala pamwamba pa foni pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakalembedwa E, iwalani za vidiyo, imeneyo ndi netiweki yakale yoyenda ngati ngolo. Pakalembedwa H kapena 3G mutha kuyesa. Pakalembedwa 4G kapena LTE ndiye bwino. Mudzi uliwonse uli ndi chulu chake kapena mtengo wake pomwe netiweki imagwira, ndipo eni mudzi amapadziwa; vuto ndi lakuti gogo wa zaka 80 simungamukweze pa chulu. Muyeseretu malo angapo pafupi ndi nyumba tsiku lisanafike.

Za bandulo tiwerengetsere mongoyerekeza. Vidiyo ya pa WhatsApp, yomwe idayamba mu 2016, imadya pafupifupi ma MB 5 pa mphindi, kutengera foni ndi netiweki. Mphindi 20 ndi ma MB 100. Kamodzi pa sabata kwa mwezi ndi ma MB 400, kutanthauza kuti bandulo ya 1 GB, ngati masiku ake sanathe, ingakwane maulendo pafupifupi 10. Kumbukirani kuti imadyeka mbali zonse ziwiri, woimba ndi woyankha yemwe. Mawu okha opanda chithunzi safika ngakhale MB imodzi pa mphindi. Ndiye mutha kuyamba ndi vidiyo kuti mupatsane moni n'kuonana nkhope, kenaka muzimitse kamera pa nthawi yowerenga, mudzayatsenso potsanzikana. Anzanga omwe mumamaliza 1 GB usiku umodzi pa TikTok, musandiyang'ane choncho, ndikukudziwani.

Tsamba la buku ndi lomwe limavuta kuonetsa. Kuligwira patsogolo pa kamera dzanja likunjenjemera, winayo saona kanthu. Chanzeru n'kulijambula bwinobwino pa kuwala, n'kulitumiza ngati chithunzi nthawi isanakwane, kuti wothandiza kumbali inayo alikulitse ndi zala ziwiri. Kwa gogo wa maso ovuta, kukulitsa zilembo kumeneku pakokha ndi chozizwitsa. Musadabwe mukaona zilembo zatembenuka pa kachithunzi kanu ka pakona mukamagwiritsa ntchito kamera yakutsogolo. Imakuonetsani ngati pa galasi, koma mnzanu uko amaziona bwinobwino. Foni muitsamiritse pa njerwa kapena pa kapu, isagwiridwe m'manja. Kuwala kuchokere kutsogolo kwa nkhope. Mukakhazika gogo pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwawo, mdzukulu adzangoona chithunzithunzi chakuda. Tambala ndi wailesi zikhale kutali. Ndipo batire itchajidwiretu, poti vidiyo imaimwa ngati madzi.

Pali zina zomwe si za luso koma za ulemu, ndipo kwa ine ndi zofunika kuposa zonsezi. Gogo apemphedwe kaye, ndipo akakana, akana. Ena sakonda kuonedwa asanasambe kapena asanavale duku, ndiye tsiku ndi ola zidziwike, kusamakhale kowadzidzimutsa. Mwana asalumikizidwe ndi munthu wachilendo popanda mphunzitsi kapena kholo pafupi. Ngakhale a Granny Cloud ankayamba afufuza kaye munthu asanamulole kucheza ndi ana, ndipo m'chipindamo munkakhala wamkulu. Kujambula gogo mobisa akulakwitsa Chingerezi n'kukaika pa sitetasi kuti anthu aseke ndi khalidwe lonyansa, ndipo wochita zimenezo asadzagwirenso foni ya gulu. Chimodzimodzi nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni: wapita kukawerenga buku, osati kukathandiza gogo kuona balansi. Akangosowa K2,000 m'nyumba imodzi, khomo lililonse m'mudzimo litsekeka, ndipo amene adzavutike ndi omwe ankachita zabwino.

Ndikudziwa chomwe mukuganiza: mafoni ndi oletsedwa pa sukulu. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti lamulolo lisinthe. Sitikufunika mafoni 50. Ikufunika imodzi, yosungidwa ndi mphunzitsi woyang'anira kalabu, yotulutsidwa pa nthawi ya makalabu basi. Kumbali ya kumudzi, nyumba zambiri zomwe zili ndi wachibale ku Joni foni yaikulu ilipo kale, imangogwira ntchito yolandirira mavoisi ndi zithunzi za maliro. Bandulo ya mbali imeneyo ndikukhulupirira kuti abale a ku Joni sangaikane, atamva kuti ndi yoti mwana wawo azicheza ndi amayi awo. Chomwe ndikuopa ine si ndalama koma kutopa. Zinthu zambiri pa sukulu pano zimayamba ndi moto, sabata yachitatu kwatsala anthu atatu. Kwa ife kujomba ndi nkhani yaing'ono, koma gogo yemwe wasamba, wavala, wakhala pa mpando kuyambira 2 koloko kudikira foni yomwe siikulira, zimamupweteka kuposa akadapanda kulonjezedwa. Amene akudziwa kuti sangakwanitse teremu yonse asayambe n'komwe.

Ganizo langa n'lakuti tiyambe pang'ono: agogo 5 okha, awiriawiri pa gogo aliyense, kuti wina akadwala mnzake apite. Atatu akhale apafupi oti tizipitako wapansi ndi buku, awiri akhale oyesera vidiyo, mmodzi wolumikizana ndi mdzukulu wa ku Joni, winayo ndi ife kuno ku sukulu. Aliyense akhale ndi kope lolembamo tsiku, zomwe zawerengedwa, mawu atsopano omwe waphunzira kwa gogo, ndi chidokoni ngati chilipo. Amene ali ndi mng'ono wake wa ku pulayimale azimutenga, ndipo azimusiyira ndime zosavuta kuti awerenge yekha. Pa 1 Okutobala, lomwe ndi tsiku lokumbukira anthu okalamba pa dziko lonse, tidzapachike pa bolodi lomwe lino nthano zomwe tatolera, m'chilankhulo chomwe zidanenedwera, eni ake akatilola.

Pansi pa pepala lomalizali ndasiya mizere yopanda kanthu. Ofuna lembani dzina, fomu, mudzi womwe agogo anu amakhala, chilankhulo chomwe amawerenga ngati amawerenga, ndi chilembo chomwe foni imaonetsa mukaima pakhonde pawo, kaya E, H kapena 4G. Ndidzachotsa pepalalo Lachisanu pa buleki kuti ndikalipereke kwa aphunzitsi a kalabu ya zowerenga. Cholembera bwerani ndi chanu.